Kujambula m'nyumba kapena panja: njira ziwiri za ku France

M'zaka za m'ma 1800, ojambula malo ku France anali ndi njira ziwiri.

Yoyamba inali ya m'nyumba. Munthu ankajambula tizithunzi kutchire, n'kubwerera kukamaliza chachikulu modekha, mwina miyezi ingapo. Utoto ankausalaza kuti mizere ya burashi isaoneke. Oweruza a chionetsero cha Salon ku Paris ankafuna zimenezi.

Yachiwiri inali yojambulira panja pomwepo. Utoto wa m'machubu, womwe John Goffe Rand anatulukira mu 1841, unapeputsa katundu. Ojambula a m'mudzi wa Barbizon ankagwira ntchito m'nkhalango ya Fontainebleau, ndipo Eugène Boudin anakokera Claude Monet, akadali mnyamata, kugombe la Normandy. Koma panja dzuwa silidikira munthu: mtambo ukangodutsa, madzi asintha mtundu. Nchifukwa chake mu 1869, ku La Grenouillère pa mtsinje wa Seine, Monet ndi wojambula mnzake Renoir ankangoika timizere ta utoto mofulumira. Ojambulawa anaonanso kuti mthunzi si wakuda bii, uli ndi mitundu yake.

Ine mtima wanga uli ku yachiwiriyi, ngakhale mu 1874 wolemba nkhani m'nyuzipepala Louis Leroy ananyoza chithunzi cha Monet cha doko la Le Havre kuti n'chosamalizidwa. Dzina loti Impressionism, la kajambulidwe ka Monet ndi anzake, linachokera m'chitonzo chomwecho.