Mapu a Africa a Blaeu: ndi okongola, koma si akale monga akunenera wogulitsa

Ndinaitanitsa mapu awa pa intaneti kuti ndikoloweke pabalaza. Ndi aja a Willem Blaeu, Mdatchi wolemba mapu wa ku Amsterdam wa m'zaka za m'ma 1600, olembedwa pamwamba kuti Africae nova descriptio. Ndikuwapatsa nyenyezi zinayi. Yachisanuyo yapita chifukwa cha wogulitsa, mapuwo alibe mlandu.

Anafika atakulungidwa m'chubu cholimba cha katoni, osakwinyika ngakhale pakona. Pepala lake ndi lokhuthala, losanyezimira, ndipo utoto sanauthire mopyola muyeso. Nkhawa yanga inali pa zilembo. Amisiri a Blaeu ankazokota mayina pachitsulo chophwatalala cha mkuwa, tizilembo ting'onoting'ono, chobwerera kumbuyo kuti podinda tituluke bwino, ndiye wojambulanso akachita mwaulesi zonse zimangosanduka matope. Apa ayi. Dzina la Monomotapa, ufumu wakale wa kum'mwera kwa Africa, likuwerengeka popanda kutsinzinira, ndipo tinjovu ndi tinthiwatiwa tomwe anamwaza pakati pa dzikolo tikuoneka miyendo yomwe.

Chimene alendo amaimirira nthawi yaitali ndi mzere wapamwamba, pomwe pali tizithunzi ta mizinda 9, kuphatikizapo Alexandria, Tunis ndi chilumba cha Mozambique. M'mbali muli anthu awiriawiri atavala monga Adatchi ankaganizira kuti timavalira. Ena mwa iwo mungaseke nawo ndithu. Gombe lonse analijambula molondola mokwanira, poti nkhani zake ankazitenga kwa amalinyero, ndipo Willem yemweyo anadzakhala wolemba mapu wa kampani ya Adatchi yochita malonda ku East Indies mu 1633. Koma mukangolowa kumtunda, ndi zam'maluwa. Mtsinje wa Nile akuuchotsa m'nyanja ziwiri zikuluzikulu, Zaire ndi Zaflan, potsatira maganizo akale a Ptolemy, katswiri wamakedzana wa za mapu. Nyanja ya Malawi monga tikuidziwira musavutike kuifunafuna.

Tsopano dandaulo langa. Potsatsa malonda analemba ngati ndi mapu akalekale enieni, osatchula poyera kuti ndi odindidwa posachedwa. Ine mtengo unandiuza kale zoona, koma wina akhoza kupusitsidwa. Mapu enieni ochokera m'mabuku a banja la Blaeu amakhala ndi kamzere kolowa m'kati kuzungulira chithunzi, pomwe chitsulo chija chinapanikiza pepala. Pakati amakhala opindidwa, ndipo kumbuyo nthawi zambiri kumakhala nkhani yodindidwa m'Chilatini, Chidatchi kapena Chifalansa. Anga kumbuyo kuli mbee, ndipo mzere wapakatiwo ndi mthunzi chabe, mukayendetsapo chala simumva kanthu.

Kakhadi kamene anaikamo nakonso ndi kouma, sikatchula n'komwe kuti iyi inali ntchito ya pabanja. Willem atamwalira mu 1638 ana ake Joan ndi Cornelis anapitiriza, ndipo Joan ndi amene anatulutsa Atlas Maior mu 1662, mabuku a mapu 11 m'Chilatini. Moto unawononga imodzi mwa nyumba zake zosindikizira mu 1672, iye n'kumwalira chaka chotsatira. Mizere itatu ikanakwana kunena zimenezi.

Dziwaninso kuti msinkhu wake sugwirizana ndi mafulemu a m'sitolo. Ine ndinachita kukapangitsa kwa kalipentala, ndipo fulemu ndi galasi zinadya ndalama zoposa mapuwo.