Yamaha Enduro 15 pa maboti a alendo: yolimba, koma mchenga imadana nawo

Maboti ambiri onyamula alendo ku Cape Maclear ndi ku Senga Bay amayenda ndi injini za Yamaha Enduro, ndipo ya mphamvu ya mahatchi 15 ndi imene eni maboti ang'onoang'ono amaikonda. Ndi ya two-stroke, siivuta kuliza, munthu mmodzi wamphamvu amainyamula paphewa, ndipo amakaniko a m'mphepete mwa nyanja amaidziwa mkati ndi kunja. Petulo amasakanizidwa ndi oyilo pa muyeso wa 50:1, kutanthauza mamililita 400 a oyilo pa malita 20. Mafuta imamwa kuposa injini za four-stroke, zomwe petulo wake sasakanizidwa ndi oyilo, utsinso imatulutsa.

Pamadzi akuya palibe chodandaula. Mayeso ake enieni ali pokocheza, chifukwa boti lopita ku Thumbi kapena ku Otter Point limakocheza kangapo patsiku, pena pamchenga, pena pakati pa miyala pomwe alendo amakaonera mbuna.

Pulopela yake ndi ya aluminiyamu ndipo pakati pake pali labala. Ikagunda mwala, labalayo amatereka kuti magiya asasweke. Chizindikiro chake n'chakuti injini imalira kwambiri koma boti silithamanga. Zikatero bwererani pang'onopang'ono, mukasinthe pulopela. Imeneyi ndi nzeru yabwino ya opanga, pakuti pulopela ndi yotchipa poyerekeza ndi magiya. Koma kugunda kwamphamvu kumapinda shafuti, ndipo madzi amayamba kulowa m'magiya. Masulani bawuti ya pansi pa bokosi la magiya muone oyilo: akaoneka ngati mkaka, madzi alowa, ndipo musayendenso musanasinthe zotsekera ndi oyiloyo.

Chofooka chenicheni ndi pampu ya madzi oziziritsa. Boti likatitimira pamchenga, madalaivala ambiri amaponya rivesi n'kuwonjezera moto kuti lichoke. Apa m'pamene injini imafera. Pulopela imavundula mchenga, timabowo ta pamwendo, gawo la injini lomira m'madzi, timaumwa, ndipo impeller, kalabala ka mapiko kozungulira mu pampumo, kamadyeka msanga. Yang'anani kamadzi kotuluka kumbuyo kwa injini. Kakachepa kapena kuleka, zimitsani pomwepo. Nthawi zina ndi mchenga wongotseka kabowo ndipo kawaya kamathetsa, koma kakapanda kubwerera, impeller yatha. Kuisintha kamodzi pachaka n'kochepa kwa boti lokocheza pamchenga tsiku lililonse. Likatitimira, zimitsani, tukulani injini, alendo ena atsike ngati madzi ndi ofika m'maondo, mulikankhe ndi manja.

Injiniyi ili ndi poikira mwendo mopendekeka poyenda pamadzi osaya, koma ambiri sagwiritsa ntchito. Masulaninso loko wa mwendo mukamayandikira gombe, kuti ukagunda chinthu udumphe wokha.

Mphepo nayo imalamula. Mwera wa Meyi mpaka Ogasiti umamenya Senga Bay maso ndi maso, pomwe gombe la Chembe, ku Cape Maclear, limavutika kwambiri ndi mpoto. Mafunde akamalunjika kumtunda, ponyani nangula kutsogolo mukadali patali, mumasule chingwe pang'onopang'ono, mphuno ya boti iyang'ane mafunde, injini itatukulidwa. Boti likangotembenukira m'mbali, funde limodzi limalidzaza madzi kapena kuliponyera pamiyala. Pa jeti fikani moyang'anizana ndi mphepo, mwapang'ono, matayala akale atapachikidwa kale m'mbali. Mahatchi 15 sakwanira kubweza boti lodzaza anthu limene mphepo yaligwira kale. Samalaninso malo amene nyanja inasefukira mu 2024: makoma, masitepe ndi zitsulo za majeti zina zinatsalira pansi pa madzi pomwe kale panali mchenga wokhawokha.

Kwa boti la anthu ochepa loyenda pafupi ndi gombe, injiniyi ndi yoyenera ndalama zake. Wonyamula gulu lalikulu kupita ku zilumba za Maleri nthawi ya mwera aganizire za Enduro 40. Mulimonsemo, m'boti musasowe pulopela yapadera, sipanala yake, mapulagi awiri, nkhafi ndi majekete opulumutsira okwanira aliyense.