Kusiya pramipexole kenako chiyani? Ayironi, gabapentin, pregabalin ndi ma opioid

Chisiyireni mankhwala a pramipexole, anzanga amene timavutika limodzi ndi RLS (restless legs syndrome, matenda osowetsa miyendo mtendere makamaka usiku) akhala akundifunsa funso limodzi: "Ndiye panopa mukumwa chiyani?" Ena amatumiza uthengawo pakati pa usiku, miyendo itawatulutsa m'mabulangete. Ndayankha mmodzimmodzi mpaka ndaona kuti bola ndilembe zonse pamodzi. Za mmene matendawa amamvekera sindinena, poti nonse mumadziwa kuyendayenda m'nyumba anzanu ali mtulo. Koma ndinene poyera kuti pali gulu limodzi la mankhwala limene ndili nalo chakukhosi, ndipo muchiona.

Njira imene ambiri amauzidwa akadandaula kuti pramipexole wasiya kugwira ntchito ndi youluka kupita ku ropinirole, kapena ku chigamba chomata pakhungu cha rotigotine. Atatuwa ndi a banja limodzi, onse amatsanzira dopamine, chinthu chimene chimatumiza mauthenga mu ubongo. Poyamba amachita zodabwitsa, zimenezo sindingakane. Usiku woyamba ndinagona tulo tofa nato. Chimene palibe anandiuza ndi vuto limene madokotala amalitcha augmentation, pamene mankhwala omwewo amayamba kukulitsa matenda. Miyendo yanga inkavuta ndikagona basi. Kenako inayamba ndikangomaliza kudya madzulo. Patapita nthawi inayamba masana ndithu, ndili pampando kuntchito, chidendene chikugogoda pansi, ine n'kumanamizira kupita kukamwa madzi kuti ndingoimirirako. Mapeto ake inalowa m'mikono, chinthu chimene sichinandichitikirepo ndisanayambe mankhwala. Ndikapita kukadandaula, yankho linali lokweza mlingo. Ndinkapeza mpumulo kwa kanthawi, kenako zizindikiro n'kubwera molawirira kuposa kale. Mankhwala amenewa ali ngati ngongole ya katapila: amakubwereka tulo lero, koma chiwongoladzanja chake umabweza ndi madzulo ako, masana ako, mpaka mikono yako.

Musaganize kuti ndi mkwiyo wanga chabe. Mu 2014 magazini ya New England Journal of Medicine inasindikiza kafukufuku wa anthu 719 amene anayerekeza pregabalin ndi pramipexole kwa chaka. Mwa omwa pramipexole wa 0.5 mg, 7.7 peresenti anapezeka ndi augmentation, pamene mwa omwa pregabalin anali 2.1 peresenti. Chimenecho ndi chaka chimodzi chokha, koma ife timamwa mankhwalawa zaka zambirimbiri ndipo chiwerengerocho chimangokwera. Bungwe la American Academy of Sleep Medicine, limene mu 2012 linkaika pramipexole ndi ropinirole patsogolo, mu 2024 linatembenuka n'kulangiza kuti asamaperekedwe ngati mankhwala a nthawi zonse. Palinso mtengo wina wobisika: banja lomweli limapangitsa anthu ena kulephera kudziletsa pa njuga, kugula zinthu, kudya kapena zogonana. Munthu amene sanatchovepo njuga amamaliza ndalama za pakhomo, iye ndi banja lake osadziwa kuti gwero ndi kapiritsi kakang'ono ka usiku. Rotigotine amachedwerapo kubweretsa augmentation chifukwa amalowa m'thupi pang'onopang'ono usana ndi usiku, koma amayabwitsa khungu ndipo ndi wa banja lomwelo. Levodopa, mankhwala enanso a dopamine, ndiye woipitsitsa pa nkhani ya augmentation. Kwa ine, ngati mwasiya pramipexole chifukwa cha augmentation, kupita kwa m'bale wake ndi kungochedwetsa vuto lomwelo.

Musanayerekeze njira zina, mvetsani ichi chifukwa chimasokoneza anthu ambiri. Masiku oyamba mutasiya mankhwala a dopamine ndi oopsa kuposa matenda enieniwo. Usiku ungathe kutha osaphethira n'komwe, miyendo ikudumpha yokha, ndipo ena amagwidwa nkhawa, thukuta ndi kukhumudwa kwakukulu. Nthawi zambiri zimayamba kuchepa pakatha masabata angapo, kwa ena zimatenga miyezi. Mankhwala alionse amene mungayambe mkati mwa nthawi imeneyi adzaoneka ngati opanda ntchito. Ndamva ambiri akunena kuti "gabapentin sanandithandize," koma ukafunsitsa umapeza kuti anamuyesa sabata yoyamba atangosiya pramipexole, n'kubwerera msanga ku akale. Musasiye mwadzidzidzi, ndiponso musasiye panokha. Madokotala odziwa matendawa amayamba kaye mankhwala atsopano, n'kumachepetsa akalewo pang'onopang'ono.

Tsopano ayironi, amene ndimamuika poyamba pa zonse. Ubongo wa munthu wa RLS umakhala ndi ayironi wochepa ngakhale magazi ake akuoneka okwanira. Apa ndi pamene ambiri timagwera m'mbuna. Umayezetsa magazi, pepala n'kulemba kuti zonse zili bwino, chifukwa malire a labotale ndi oona ngati munthu ali ndi vuto la kuchepa magazi, osati RLS. Kwa ife malire ndi ena: ferritin (muyezo wa ayironi wosungidwa m'thupi) ikakhala 75 kapena kutsika, kapena transferrin saturation (muyezo wa ayironi amene akuyenda m'magazi) ikakhala pansi pa 20 peresenti, ayironi amayenera kuwonjezeredwa. Yanga inali pansi kwambiri pa 75, koma kwa zaka zonse zija palibe anaitchula. Ndikaganiza zimenezi mtima umandipweteka, chifukwa ayironi wochepa amafulumizitsanso augmentation. Pemphani kuti akuyezeni zonse ziwiri, m'mawa, mutakhala maola 24 osamwa mapiritsi a ayironi, ndipo funsani nambala yeniyeni, musakhutire ndi mawu akuti "zili bwino." Musayezetse mukudwala, chifukwa kutupa kapena matenda ena amakweza ferritin mwachinyengo.

Ayironi alipo wa mapiritsi ndi wa dilipu. Piritsi la ferrous sulfate la 325 mg limakhala ndi 65 mg ya ayironi weniweni, ndipo limamwedwa kamodzi patsiku kapena modumphitsa tsiku, limodzi ndi vitamini C, motalikirana ndi tiyi, khofi ndi mkaka. Ndi losavuta kupeza. Koma limadzimbitsa, limadetsa chimbudzi, ena limawachititsa mseru, ndipo muyenera kudikira miyezi itatu musanayezetsenso. Vuto lake lalikulu ndi lakuti ferritin ikamayandikira 75 matumbo amayamba kukana, moti mukhoza kumwa mokhulupirika nambala osasuntha kwenikweni. N'chifukwa chake pakati pa 75 ndi 100 amalangiza dilipu yokha. Dilipu ya ferric carboxymaltose, nthawi zambiri 1000 mg, imalambalala matumbo. Imaikidwa kuchipatala kamodzi kapena kawiri. Musayembekezere kuti mawa lake mugona. Zotsatira zimaoneka pakatha mwezi kapena kupitirirapo. Imatha kutsitsa mchere wa phosphate m'magazi, ndipo si onse amene imawathandiza. Komabe ayironi ndi njira yokhayo pa zonsezi imene imakhudza muzu wa vuto m'malo mongoziziritsa zizindikiro. Chenjezo limodzi: ayironi wochuluka amawononga chiwindi, choncho musamwe musanayezetse.

Gabapentin ndi pregabalin ndiwo tsopano ali patsogolo pa malangizo a madokotala, ndipo sabweretsa augmentation ngati banja lija. Amagwirizana makamaka ndi munthu amene miyendo yake imawawa, kapena amene amavutikanso ndi nkhawa ndi kusowa tulo. Kusiyana kwawo kwagona pa mmene thupi limawalandirira. Gabapentin matumbo amamutenga mwa muyezo: mukapitirira 600 mg pa nthawi imodzi, wambiri amangodutsa. N'chifukwa chake mlingo waukulu amaugawa pawiri, wina madzulo, wina pogona, ndipo sayenera kumwedwa pamodzi ndi magnesium kapena mankhwala a kutentha pamtima, pazidutsa maola awiri. Pregabalin alibe vuto limenelo, amalowa bwino pa mlingo uliwonse, ndipo kumwa kamodzi madzulo kumakwanira. Ine ndinayamba ndi gabapentin. Ankagwira usiku wina, usiku wina ayi, ndipo kuwerengetsa maola madzulo aliwonse kunanditopetsa. Pregabalin anakhazikika bwino, koma ndinalipira ndi chizungulire cha m'mawa, moti masabata oyamba ndinkadzuka n'kukhala kaye m'mphepete mwa bedi mapazi ali pansi mpaka chipinda chitasiya kuzungulira. Thupi linawonjezekanso ndipo akakolo ankatupa madzulo. Zimenezi ndi zenizeni ndipo sindikuzichepetsa, koma ndi zinthu zimene umaziona ndi maso n'kukambirana ndi dokotala, osati mankhwala kukulitsa matenda mwakachetechete.

Onse awiri amatuluka kudzera mu impso, choncho amene impso zake ndi zofooka amafunika mlingo wochepa. Achikulire asamale ndi kugwa. Ngati mumavutika ndi maganizo, uzani dokotala, chifukwa kwa ena amakulitsa kukhumudwa. Kuwaphatikiza ndi mowa kapena ma opioid (mankhwala amphamvu ochepetsa ululu a m'gulu la morphine) kumatha kufooketsa kupuma, ndipo bungwe la FDA loyang'anira mankhwala ku America linachenjeza za zimenezi mu 2019. Nawonso sasiyidwa mwadzidzidzi. Pali wachitatu, gabapentin enacarbil, amene amamwedwa 600 mg cha m'ma 5 koloko madzulo ndi chakudya ndipo amalowa m'thupi mofanana usiku wonse, koma m'mayiko ambiri sapezeka. Chowawa n'chakuti anthu amene anamwa mankhwala a dopamine zaka zambiri nthawi zina sathandizidwa kwambiri ndi gulu limeneli poyerekeza ndi amene sanawalawepo. Chimenecho ndimachiwerengeranso pa ngongole ija.

Ma opioid ndiwo amaopsa anthu akangomva dzina, ndipo mantha ake ndi omveka. Koma ndaona anzathu amene augmentation inawafika poipa, gabapentin ndi pregabalin atalephera, akupulumukira pamenepa. Mlingo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa ululu waukulu. Oxycodone wosakaniza ndi naloxone anayesedwa pa kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2013 mu The Lancet Neurology, ndipo m'mayiko a ku Ulaya ndi wololedwa pa RLS yovuta imene yakana njira zina. Akatswiri ena amagwiritsa ntchito methadone kapena buprenorphine wochepa, ndipo odwala ambiri amakhala pa mlingo womwewo kwa zaka. Kudzimbidwa kumakhalapo, ena amatuluka thukuta kapena kuyabwa, ndipo amene amabanika m'tulo ayenera kuthandizidwa kaye vuto limenelo. Amene anavutikapo ndi mowa kapena mankhwala osokoneza bongo anene zoona kwa dokotala. Tramadol ndiye ndingamupewe, chifukwa mwa onsewa ndi iye amene amadziwika kuti amabweretsanso augmentation. Sindinafike pa ma opioid, koma sindingaweruze amene ali pamenepo, ndipo zimandikwiyitsa kumva munthu amene sanagone bwino miyezi yambiri akubwezedwa ngati wofuna kuledzera.

Kachipangizo kotchedwa Nidra, kovala m'munsi mwa mawondo n'kumagwedeza mitsempha ndi mphamvu yochepa ya magetsi, kanaloledwa ku America mu 2023, ndipo ubwino wake ndi wakuti sikaika mankhwala m'thupi, koma ambiri sitingakafikire. Magnesium anthu amamutama kwambiri pa intaneti, koma umboni wake ndi wofooka, ndipo kwa ine sanasinthe kanthu. Clonazepam amagoneka munthu miyendo ikuvutabe. Kusamba madzi otentha, kuwongola miyendo ndi kuyenda pang'ono masana kumathandiza usiku wopepuka, koma sikungalimbane ndi masiku osiya pramipexole.

Chinthu china chosalira ndalama ndi kutulutsa mankhwala onse amene muli nawo m'nyumba n'kuwaonetsa dokotala. Diphenhydramine, amene amapezeka m'mankhwala ambiri a chimfine ndi ogonetsa ogula popanda kalata ya dokotala, amautsa miyendo koopsa. Chimodzimodzi metoclopramide ndi prochlorperazine a mseru, komanso mankhwala ambiri a maganizo monga mirtazapine, fluoxetine ndi venlafaxine. Mwa mankhwala a maganizo, bupropion ndiye kawirikawiri savutitsa miyendo. Amenewa musasiye nokha, funsani ngati pali ena olowa m'malo. Mowa wa madzulo, khofi ndi fodya nazo zimawonjezera moto.

Ndiye yankho langa kwa amene mumafunsa ndi ili. Ndinakweza ayironi, ndimamwa pregabalin madzulo, ndipo ferritin ndimayezetsa kawirikawiri kuti isatsikenso. Usiku wina umavutabe, makamaka ndikakhala paulendo wautali, koma masana ndimakhala pampando mpaka ntchito kutha ndipo mikono inasiyiratu. Pregabalin atadzasiya kugwira, ndidzapempha kuonana ndi katswiri wa za tulo kapena wa mitsempha kuti tikambirane za opioid wochepa. Ku pramipexole, ropinirole kapena rotigotine sindidzabwererako. Ngati ndinu mayi woyembekezera kapena muli pa dialysis (kusefa magazi ndi makina impso zikalephera), zambiri zimene ndalemba pano zimasintha, choncho yambani ndi kuyezetsa ayironi ndipo zotsalazo mukambirane ndi dokotala amene amakuonani.