Tigalimoto Tachitsulo Titapirira Nyengo ya ku Zomba

Ndinayamba kusonkhanitsa tigalimoto tachitsulo m'chilimwe chatha, ndipo popeza tadutsa m'fumbi la Okutobala, m'mvula ya dzinja komanso m'chiperoni, tsopano ndikhoza kunena motsimikiza timene tapirira ndi timene tavutika.

Tambiri ndi ta muyeso wa 1:64, kutanthauza kuti galimoto yeniyeni ndi yaitali ka 64 kuposa kagalimotoko, ndipo n'totalika ngati chala cha munthu wamkulu. Tina ndinagula tatsopano ku Blantyre, koma tochuluka ndinachita kusankha m'milu ya zidole pa kaunjika mumsika wa Zomba. Thupi lake amaliumba pothira m'chikombole zinki yosungunula yosakaniza ndi aluminiyamu pang'ono, ndipo chitsulo chimenechi sichigwira dzimbiri lofiira. Chimene chimagwira dzimbiri ndi kawaya kolumikiza matayala. Timene ndinaika poyera pafupi ndi zenera loyang'ana kuphiri, kumene nkhungu imatsikira m'mawa, tinayamba kulira pokankha pofika Febuluwale, ndipo nditatembenuza kamodzi ndinapeza kawayako katafiira pamene kamalowera m'tayala. Timene tinali m'kabati yamagalasi, momwe ndinaikamo timapaketi toyamwa chinyezi totsala m'makatoni a nsapato, tikuyendabe bwinobwino.

Mtima wanga watsamira ku mtundu wa tigalimoto wa Matchbox, umene kampani ya Lesney inayambitsa ku London mu 1953. Hot Wheels inabwera mu 1968 kuchokera ku kampani ya Mattel, ndipo ngakhale mayina awiriwa akhala a kampani imodzi kuyambira 1997, kapangidwe kake n'kosiyanabe: Hot Wheels imakonda mitundu yowala ndi magalimoto ampikisano, pamene Matchbox imakonda magalimoto ogwira ntchito, onga Land Rover ndi malole amene timawaona tsiku ndi tsiku pamsewu wa ku Liwonde. Ta Tomica, timene tinayamba kupangidwa ku Japan mu 1970, n'tosowa kuno, koma kamodzi kamene ndinapeza kakutsegukabe zitseko ndipo kamanyutuka bwino ukakadinikiza ndi chala, ngakhale utoto wake unali utakalika kale pogula.

Imene yandikhumudwitsa ndi galimoto yaikulu ya 1:18, yomwenso inali yodula kuposa zonse. Fumbi limalowa m'mipando ndi m'injini momwe nsalu singafike, chitseko chimodzi chayamba kulendewera, ndipo matayala ake a labala aphwatalala pansi chifukwa cha kulemera kwa thupi. Panopa ndaitsamiritsa pa kathabwa kuti matayala asagunde pansi, ndipo ndimaipukuta ndi burashi yofewa yopentera zithunzi.

Kusunga tigalimoto m'mapaketi ake, monga amachitira ena pofuna kuti mtengo usatsike, n'kovuta kuno, chifukwa katoni yakumbuyo imapindika ndi kuchita chuku dzinja lisanathe. Aliyense woyamba kumene kusonkhanitsa tigalimoto ku Zomba ndikumulangiza kuti ndalama zoyamba apatse kalipentala wa kabati yotseka bwino, kenaka ayambe ndi tating'ono ta pa kaunjika, atayamba wazungulitsa tayala lililonse ndi chala asanapereke ndalama.