Thandizo limene mng'ono wanga analandira atapezeka ndi nyongolotsi mu ubongo

Mng'ono wanga anayamba kugwa khunyu ali ndi zaka 31, ndipo popeza kumtundu kwathu kunalibe wodwala nthendayi, achibale ambiri anathamangira kunena kuti walodzedwa. Atamwa mankhwala a khunyu otchedwa phenobarbitone kwa miyezi ingapo koma n'kumagwabe, tinapita naye kuchipatala china cholipira mumzinda wa Blantyre.

Amene ndimuyamikira kwambiri ndi dokotala amene anatiwerengera zithunzi za mu ubongo zojambulidwa ndi makina a CT scan. Atatchula dzina la matendawo, neurocysticercosis, anatembenuzira kompyuta kwa ife n'kutilozera ndi cholembera kathumba kozungulira kokhala ndi kadontho koyera mkati, ndipo anati kadonthoko ndi mutu wa kamwana ka nyongolotsi yotchedwa Taenia solium. Mng'ono wanga atatsutsa kuti iye sadya nkhumba, dokotalayo anafotokoza mofatsa kuti nyama ya nkhumba ya masese (timatumba ta tiana ta nyongolotsiyi) yosapsa bwino imapatsa munthu nyongolotsi ya m'matumbo, pomwe matenda a ku ubongo amabwera munthu akameza mazira otuluka m'chimbudzi cha wodwala nyongolotsiyo, kudzera m'manja osasamba, m'madzi kapena m'masamba osatsuka. Anatiuzanso zimene bungwe la WHO limanena, kuti m'madera amene nyongolotsiyi yafala, pafupifupi 30 peresenti ya odwala khunyu amadwala chifukwa cha iyo, ndipo analangiza kuti tonse a pakhomo tikayezetse chimbudzi.

Asanamuyambitse mankhwala anamupima maso kaye, chifukwa kathumba kakafera m'diso kangathe kuchititsa khungu. Kenaka anamulembera albendazole wopha nyongolotsi wa masiku 14, dexamethasone woletsa kutupa kwa ubongo, ndi carbamazepine woletsa kugwa.

Pamene chipatalachi chinatikhumudwitsa ndi pazenera lolandirira mankhwala. Anangolemba manambala pakapepala n'kuitana wotsatira, osatiuza kuti albendazole amamwedwa pamodzi ndi chakudya, kapena kuti mutu ungapweteke koposa kale m'masiku oyambirira pamene kachilomboko kakufa. Usiku wa tsiku lachitatu wodwalayo anali kusanza atagwira mutu ndi manja onse awiri, ndipo foni imene anatipatsa inangolira osayankhidwa mpaka kunja kunacha. Pamalo olipira ndalama zambiri chotere, kunena mawu awiri okha ochenjeza sikukanawavuta.

Ndingalangize wina kupita kumeneko kaamba ka dokotala uja, bola afunse zonse za mankhwala asanatuluke m'chipinda chake. Mng'ono wanga sanagwenso, akumwabe carbamazepine, ndipo tidzabwererako pakatha miyezi 6 kuti akamujambulenso.