Rockwell Extra Bold pa zikwangwani za ku Mangochi

Rockwell Extra Bold ndi fonti (mtundu wa zilembo za pakompyuta) ya mawu awiri kapena atatu basi. Ikalemba CHAMBO pachikwangwani cha m'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay, dalaivala wa minibasi amawerenga asanaponde buleki. Koma mukaipatsa mndandanda wa mitengo ya usipa, utaka ndi kampango, imakhala ngati gule wamkulu walowa m'kachipinda.

Banja la Rockwell linatulutsidwa ndi kampani ya Monotype ku England mu 1934, ndipo lero limapezeka m'makompyuta ambiri chifukwa limabwera ndi Microsoft Office. Mtundu wake umatchedwa slab serif, kutanthauza kuti zilembo zambiri zili ndi mapazi okhuthala, odulidwa ngati njerwa. Zilembo zamtunduwu zinayamba kuoneka ku London cha m'ma 1815, pomwe Vincent Figgins, wopanga zilembo zosindikizira, anaziika m'buku lake la zitsanzo, ndipo ntchito yake inali yomweyi ya kukuwa pazikwangwani zamalonda. Rockwell mumaizindikira ndi A wamkulu yemwe ali ndi kathabwa pamutu pake, komanso mapazi omwe amalumikizana ndi thupi la chilembo mosapindika, ngati ngodya ya khoma.

Ubwino wake uli pa kukhuthala. Dzuwa la kuno silinyengerera penti, ndipo zilembo zamizere yopyapyala ndi zomwe zimayamba kufufutika. Rockwell ikasuluka, mawonekedwe a chilembo amatsalabe. Odula masitika pamakina amaikondanso chifukwa ilibe timichira tosongoka tomwe timang'ambika pochotsa zinyalala. Kwa wolemba ndi bulashi, mizere yambiri ndi yowongoka: rula, choko ndi tepi zakwana.

Vuto loyamba ndi malo. Zilembo zake zazikulu n'zotambalala, m'lifupi pafupifupi ngati msinkhu wake, ndipo M ndi W amaposa pamenepo. Tsono mawu athu ndi ataliatali, odzadza ndi ma M ndi ma W omwewo. Olemba zikwangwani amayendera lamulo lakuti masentimita 2.5 a msinkhu wa chilembo amawerengeka bwino pa mtunda wa mamita 3. Kuti munthu awerenge ali pa mamita 30, chilembo chitalike masentimita 25. Pa bolodi la mamita 2.4 m'litali, CHAMBO akwanira n'kutsala malo, koma TIKUGULITSA, wa zilembo 11, adzaza bolodi lonse mpaka kusefukira. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: amagwira mawuwo ndi mausi n'kuwafinya cham'mbali. Mizere yoimirira imawonda, mapazi n'kutsala okhuthala momwemo, chilembo n'kumaoneka ngati munthu wowonda wavala majombo. Ngati malo achepa, tengani Rockwell Condensed yomwe inapangidwira zimenezo, kapena chotsani mawu. Anthu akudziwa kale kuti mukugulitsa.

Vuto lachiwiri ndi kugundana kwa mapazi. M'mawu ngati "mandasi", "nkhuni" kapena "mmwamba", mapazi a m, n, k ndi h amayandikana kwambiri, ndipo patali amaoneka ngati mzere umodzi wakuda. Onjezani mpata pang'ono pakati pa zilembo zonse, kenako mukonze pamanja pomwe pakusokonekera. Mu MALAWI, L ndi A amasiya chibowo pamwamba pomwe M ndi A athinana pansi. Njira yabwino yoyesera n'kusindikiza pa pepala la A4, kulimata pakhoma, n'kubwerera m'mbuyo mamita asanu mutatsinzina pang'ono. Pomwe pali chigamba choyera kapena chibuluma chakuda, mpomwe pakufunika kukonza.

Timabowo ta m'kati mwa a ndi e n'tating'ono. Pa tisheti ya timu ya mpira kapena ya ukwati, inki ikachuluka pa sikirini yodindira nsalu imatseka timabowoti, ndipo e amasanduka o wothimbirira. Pa nsalu musaichepetse kwambiri, ndipo ngati n'kotheka lembani ndi zilembo zazikulu zokhazokha. Opanga sitensulo yopopera penti asiye timilatho pa A, B, D, O, P ndi R, apo ayi pakati pake pagwa.

Pali nkhani ina yomwe imakhudza ife makamaka. Musanalandire ntchito, yesani kulemba ŵ. M'Chiyao chilembochi chili paliponse, monga m'mawu oti ŵandu, ndipo ena amafunabe Malaŵi alembedwe ndi kadenga kake. Fonti ikakhala ilibe chilembo china, kompyuta imabwereka ku fonti ina mwakachetechete, ndiye mumaona ŵ woonda ali pakati pa anzake onenepa. Kukonza kwake n'kosavuta mu pulogalamu yojambulira ya CorelDRAW: lembani w wamba, mujambule kadengako mokhuthala mofanana ndi mapazi. Yang'ananinso kachizindikiro ka mu ng'ombe ndi ng'oma, kasamatike ku g.

Potumiza ntchito kosindikizira, sandutsani mawuwo kukhala zojambula podina Ctrl ndi Q mu CorelDRAW. Mukapanda kutero, kompyuta yomwe ilibe Rockwell idzaikapo fonti ina, ndipo bana (chikwangwani chansalu) la mamita atatu lidzatuluka ndi mawu osemphana ndi chithunzi. Kukopera anzanu faelo ya fontiyo pa fulashi laisensi yake sikulola. Amene akufuna yaulere yofananako atenge Alfa Slab One pa Google Fonts, ngakhale iyo ndi yonenepa kuposa Rockwell, moti mavuto a timabowo ndi mapazi amakulirako.

Mitundu yomwe imaiyenera ndi yakuda pachikasu kapena yoyera pabuluu woderako. Yofiira pabuluu imavina m'maso masana, komanso yofiira ndi imene imafulumira kusuluka padzuwa. Nambala ya foni ndi mitengo zilembeni ndi fonti yopanda mapazi ngati Arial Bold, pansi pa dzina la sitolo.