Chingwe cha USB-to-serial cha 3.3V: chimathandiza, koma liwiro likakwera chimachita chibwibwi

Ndachipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Ngati muli ndi kabodi ka ARM (kakompyuta kakang'ono ka purosesa ya mtundu wa ARM) komwe kamangouma gwa osanena chomwe chavuta, chingwechi musachizengereze.

Kabodi kanga kanayamba matenda nditaika kernel yatsopano ya Linux (phata la pulogalamu yoyendetsa makinawo). Kakalowa mu suspend (kugona kosunga magetsi), podzuka kagetsi ka netiweki kankangophethira kamodzi, basi kabodi konse zii. Mukakayatsanso n'kuyang'ana mu journalctl (pulogalamu yoonetsa mauthenga omwe makina analemba) simupezamo kanthu, chifukwa makina ankafa asanalembe uthenga womaliza pa disiki. Apa m'pamene chingwechi chimaonetsa phindu lake. Kernel imalankhula mwachindunji kudzera pa UART (mapini a serial a pa bodi), ndipo kompyuta ina yomwe mwailumikiza ndi chingwechi imalandira mzere uliwonse mpaka womaliza.

Kulumikiza n'kosavuta. TX (yotumiza) ya chingwe imapita pa RX (yolandira) ya bodi, RX pa TX, GND (ground) pa GND. Waya wofiira wa 5V musaukhudzitse n'komwe, bodi ili ndi magetsi ake kale. Kompyuta yanga inachizindikira nthawi yomweyo ngati /dev/ttyUSB0, popanda kusaka driver (pulogalamu yoyendetsa chida). Ndinatsegula picocom (pulogalamu yowerengera za pa serial) pa liwiro la 115200, n'kuwonjezera no_console_suspend ndi ignore_loglevel pa mzere woyatsira kernel. no_console_suspend ndi yofunika zedi: popanda iyo console (njira yotulutsira mauthenga a kernel) imagona limodzi ndi zida zina zonse, ndiye imakhala chete nthawi yeniyeni imene mukufuna kumva.

Zitatero ndinaona mizere ikutsika, zida zikudzuka chimodzichimodzi, kenako pofika pa driver ya ethernet zonse n'kuima. Palibe oops, palibe panic (mauthenga omwe kernel imatulutsa ikakumana ndi vuto lalikulu). Pa mabodi ambiri a ARM, driver ikagwira register (malo olamulira chida) ya chida chomwe clock yake (siginolo yochiyendetsa) sinayatsidwe, purosesa imangodikira yankho lomwe silidzabwera. Poti tsopano ndinkadziwa poyang'ana, git bisect (njira yosakira commit, kapena kuti kusintha kwa code, komwe kunabweretsa vuto) inagwira ntchito yake. Pakati pa kernel imodzi ndi yotsatira pamakhala ma commit opitirira 10,000, koma poti ulendo uliwonse mukudula theka, maulendo 14 okha amakwanira kusefa ma commit 16,384. Chotopetsa n'kumanga kernel mobwerezabwereza, osati chingwe. Icho, nditachimata ndi tepi, chinakhala cholumikizidwa nthawi yonseyo osaduka ngakhale kamodzi. Commit yomwe inatuluka inali yosintha ndondomeko yoyatsira ma clock podzuka. Nditaibweza, kabodi kanadzuka bwinobwino, ndipo log ya pa serial ija ndi yomwe ndinatumiza kwa osamalira driver ngati umboni.

Chinanso chomwe chandisangalatsa, break (siginolo yapadera ya pa serial) imadutsa bwino. Mukatumiza break kenako chilembo t, Magic SysRq (njira yolamulira kernel mwachindunji) imakutulutsirani ntchito zonse zomwe zikuyenda ndi pomwe zakanirira, bola kernel ikhale isanafe kotheratu.

Nyenyezi imodzi ndachotsera zifukwa ziwiri. Mabodi ena amalankhula pa liwiro la 1500000, ndipo pa liwiro limenelo chingwechi chimameza zilembo, mizere imatuluka yodukaduka ngati munthu wolankhula ali m'tulo. Ndinachita kutsitsa liwiro mu bootloader (pulogalamu yoyatsa kernel) kuti ndiziwerenga bwino. Chachiwiri ndi mawaya. Alibe zolemba, mumangodalira mitundu yake, ndipo kapepala kam'paketi sikanena ngati TX yolembedwapoyo ndi ya chingwe kapena ya bodi. Mukaona pa sikirini palibe chikutuluka, sinthanitsani woyera ndi wobiriwira musanayambe kukayikira kernel. Timapulagi take tomwe n'tolobodoka, moti kugwedeza tebulo pang'ono GND imavuka, ndiye ndinachita kutimata ndi tepi.